Mzungu wodziwa za denga la ku Katuli

Lachiwiri lapitali ndinachedwa ku ntchito ndi ola lathunthu chifukwa cha kanthu kochepa ngati chikhadabo cha khanda. Mpaka lero kanthuko sikanandichoke m'mutu.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndimakhala ku Chowe koma ndimagwira ntchito ku Mangochi boma. M'mawa uliwonse ndimaima pamsewu, tayi pakhosi, fayilo m'khwapa, kudikira minibasi yochokera ku Namwera. Mukudziwanso kuti mtima wanga ndi wapachala. Dalaivala akangoima kuti anyamule thumba la makala, woyamba kugogoda galasi ndimakhala ine.

Tsikulo ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachitsikana, wa mpango wobiriwira kumutu, amene analawirira kuchokera ku Katuli. Dzina lake ndinalimva pambuyo pake kuti ndi Abiti Saidi. Kumapazi kwathu kunali beseni lalikulu la nyemba, la mayi wina wageni amene anakhala kumbuyo kwathu.

Titayamba kutsetsereka phiri, kondakitala anatambasula dzanja. Abiti anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje chake n'kupereka ndalama. Kenako ndinangoona munthu akukutumula chitenje, akufufuza pampando, akusuzumira pansi.

"Imani! Chonde adalaivala, imani! Kadi yanga!"

Tonse tinayesa chiphaso cha unzika kapena kadi ya kubanki. Che Bwanali, dalaivala wa ndevu za imvi amene wandinyamula zaka zambiri, anakhotera pambali. Titamva kuti yagwa ndi memori kadi ya mufoni, ndipo muli mafilimu, minibasi yonse inang'ung'udza. Amene anakweza mawu kuposa onse mukumudziwa kale.

"Mayi, mwatiimitsira mafilimu?" ndinatero. "Ku boma amaika mafilimu m'makadi pakhonde lililonse. Mukagula ina. Enafe tili ndi mabwana otidikira."

Sanakwiye. Anangondiyang'ana, maso atadzaza misozi.

"Bambo, imeneyi sagulitsa ku boma. Yachokera ku Joni. Muli mawu a amuna anga."

Nkhani yake inali iyi. Mwamuna wake, Che Yusufu, anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo. Kumudzi kwawoko netiweki ndi ya pachulu: ukwere, umve "halo" kawiri, yaduka. Ndiye bamboyo anapeza njira yake. Tsiku lopuma amaika filimu pa TV ya mnzake, n'kuimika foni kutsogolo kwake, n'kumajambula uku akumasulira yekha zimene azungu akunena. Kadi ikadzaza amapatsira a transipota, aja amabweretsa katundu wa ku Joni kuno. Abiti amaonera pa kafoni kake ka mabatani, pang'onopang'ono, mosamala batire. Poyenda amaichotsa mufoni n'kuimanga pachitenje, kuopa akuba mafoni.

Ndipo ulendowu sunali wa kumsika. Amalume ake, eni mbumba, amene amakhala ku boma, anali atamuitanitsa. Iwo mumtima anali atagamula kale: zaka zinayi zakwana, munthu uja anakwatira kwina, banja lithe, mwana wa mlongo wawo asakalambire pakhomo. Panalinso mkulu wina wa golosale amene anali atayamba kuwapatsa amalumewo moni wautali.

"Amjomba akuti ndibwere ndi umboni woti bambo a Shakira amandikumbukira," anatero Abiti, kunena amalume akewo. "Anzanga amuna awo anawatumizira matiresi, ena malata. Ine umboni wanga ndi womwewu. Ndikafika wopanda kadiyo, lero lomwe banja langa latha."

Che Bwanali anazimitsa injini.

"Aliyense atsike."

Anthu anatsika. Ine sindinatsike. Ndinakhala pomwepo, fayilo pamiyendo, kuyang'ana wotchi mwadala kuti onse aone. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba mwanga munali zii.

Koma zimene ndinaona pawindo zinayamba kundisowetsa mtendere. Kondakitala anatulutsa makapeti n'kuwaguguda mmodzimmodzi. Mkulu wina wa kofia, amene ankapita ku chipatala kukaonetsa bondo, anagwada pa bondo lomwelo n'kumasuzumira pansi pa mipando. Kenako mayi wa nyemba uja anavula chitenje chake chapamwamba, anachiyala m'mbali mwa msewu, n'kukhuthula beseni lonse.

"Ngati yagwera muno tiipeza," anatero. "Bwerani tisankhe."

Abale inu, munaonapo anthu khumi ndi asanu osadziwana, Asilamu ndi Akhristu, amayi ndi abambo, atazungulira mulu wa nyemba pamsewu wa phiri, akusankha ngati kuli ukwati mawa? Magalimoto ankadutsa akutiimbira hutala. Palibe anadzutsa mutu. Mayi wageni uja ankadziwa kuti malo ake pamsika atengedwa ndi wina, koma ankangoti, "Modekha, modekha, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nyemba zinatha. Kadi sinapezeke. Abiti anakhala pansi n'kufunda mpango kumaso.

Apa ndi pamene mayi wa nyemba anatembenukira kwa ine.

"Abwana a tayi, inu nokha ndiye simunakutumule. Tatsikani."

Ndinatsika ndi mkwiyo, ndikufuna ndiwaonetse kuti akutaya nthawi. Ndinagwedeza jekete. Ndinatsegula fayilo. Kenako ndinaponda pansi mwamphamvu, ndipo kuchokera m'mpindiro wa buluku langa munagwa kanthu kakuda, kakang'ono, pa phula.

Nthawi yonseyo kadi inali pa ine.

"Alhamdulillah!" anafuula mkulu wa bondo uja. Amayi analuluta. Ine ndinafuna nthaka itseguke ndilowemo ndi tayi yanga yomwe.

Titabwerera m'minibasi, Che Bwanali anati sanyamuka asanamve chimene chamutayitsa nthawi yonseyi. Abiti anachita manyazi, koma anaika kadi mufoni n'kukweza mawu. Tinadzazana pa kagalasi kosaposa bokosi la machesi.

Inali filimu ya azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, galimoto itawafera pamsewu kudziko lozizira. Chingerezi chawo chinkamveka chapansipansi, ndipo pamwamba pake panali mawu a Che Yusufu, Chichewa chokhala ndi kafungo ka Chiyao.

"Apa bwanayu akuti: mayi, denga lija la kuchipinda, pamene pamadontha paja, musakwerepo nokha. Muwauze achimwene anu akuthandizeni mvula isanayambe."

Ndinatchera khutu. Mzunguyo ankadandaula za batire la galimoto.

Kenako mkazi wachizungu uja analankhula, ndipo Che Yusufu anachepetsa mawu ngati a mzimayi: "Nanga inu mubwera liti?"

Mzungu wamwamuna ankalankhulabe, manja m'mwamba, koma womasulira wathu anali duu. Tinkangomva galu akuuwa kwinakwake ku Joni. Patapita kanthawi mawu anabwerera, osasa pang'ono.

"Apa akuti: zinthu sizinayende monga ndinkaganizira, ndiye ndikuchita manyazi kubwera manja lende. Koma kofia ija munandisokera, yang'ambika pamwamba, ndimavalabe Lachisanu lililonse. Akutinso: ine mkazi ndili naye mmodzi, ali ku Katuli, ali ndi mpata m'mano, akaseka amabisa pakamwa."

Abiti anabisa pakamwa.

Tsono ine, pofuna kubweza ulemu wanga umene unagwera pa phula, ndinachita chinthu chopusa kuposa choyamba chija. Ndinawerama n'kumunong'oneza.

"Mayi, pepani, koma ine Chingerezi ndimamva. Mzunguyu sakunena zimenezo. Akunena za batire."

Anandiyang'ana ngati mmene mumayang'anira mwana amene wakuuzani kuti madzi ndi onyowa.

"Ndikudziwa, bambo. Mzungu angadziwe bwanji kuti denga langa limadontha?"

Iye anapitiriza, uku akumanganso kadi pachitenje, mfundo ziwiri ulendo uno.

"Bambo a Shakira Chingerezi chawo n'chogulira buledi basi. Koma pafoni sangandiuze zimenezi. Amangofunsa za mbuzi ndi za sukulu ya mwana. Akabisala kumbuyo kwa mzungu ndiye amalankhula."

Tinawoloka mlatho wa Shire ine ndili chete, chinthu chimene Che Bwanali akuti sanachionepo chiyambire.

Ndakhala ndikuganiza sabata yonse, ndipo kunena zoona ndazizwa. Ife a m'boma lino mabanja a ku Joni timawayeza ndi zimene zatsika pa ngolo ya transipota. Njinga yamoto yafika, timati uyu ali pabanja. Kwafika chikwama chimodzi, timayamba kunong'onezana. Ndipo sindikukana, alipo ambiri amene Joni inawameza, akazi awo akuyang'anabe kumsewu mpaka lero. Amalume a Abiti sanali munthu woipa. Anaona ana a anzawo akufota pakhomo, sanafune wawo afote.

Koma ndani wa ife akanaganiza kuti kwinakwake, m'kachipinda ka lendi m'dziko la eni, muli munthu amene amathera tsiku lake limodzi lopuma atagwada kutsogolo kwa TV yobwereka, akubwereka pakamwa pa mzungu kuti auze mkazi wake zimene pakamwa pake pakulephera? Sukulu imeneyi anaiphunzira kuti?

Ife amuna a kuno tinaleredwa kuti mawu ofewa ndi a m'mafilimu. Timatha kufotokoza mpira wadzulo kwa ola lonse, ndani anapatsira ndani, koma kuuza mkazi wako kuti "ndakusowa" lilime limalemera ngati mtondo. Timati amadziwa kale. Amadziwa bwanji? Analota?

Ndipo enafe amene tinapita kusukulu ndiye timanyoza kwambiri. Tikamadutsa pa nyumba zoonetsera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa timapukusa mitu, ati akunamiza anthu, mzungu sananene choncho. Ine ndakhala ndikutero zaka zambiri. Lachiwiri ndinamva kumasulira kolakwika kuyambira poyamba mpaka pomaliza, koma sindinamvepo munthu akunena zoona chotero.

Lachinayi ndinakweranso ya Che Bwanali. Ndisanakhale n'komwe pansi, iwo anayamba.

"Abwana a kadi! Mayi wanu uja ndinamubweza dzulo."

"Zinatha bwanji?"

"Akuti mjomba uja anaonera filimu ija, magalasi pamphuno. Atafika pa za kofia paja, anadzuka n'kutuluka panja ngati akukaona nkhuku. Atabwerako anati munthu amene ali ndi mkazi wina sakumbukira pamene denga limadontha. Banja lilipo. Wa golosale uja auzidwa kuti afupikitse moni." Anaseka mpaka kutsokomola. "Koma walamula kuti kadi ina ikabwera, iyambe yadzera kwa iye. Filimu inathera panjira, ndiye akufuna adziwe ngati galimoto ija inalira."

Minibasi yonse inaseka. Ine ndinaseka nawo, koma ndinali nditakumbukira za kunyumba kwanga.

Amayi a Tadala, akazi anga, sukulu analekezera panjira. Titangokwatirana tinkaonera limodzi mafilimu Loweruka masana, ndipo iwo ankakonda kundigwira pamkono n'kufunsa, "Akuti chiyani?" Ine, katswiri wa Chingerezi, ndinkayankha kuti, "Tadikirani, mukundiphonyetsa." Tsiku lina anasiya kufunsa. Ndayesetsa kukumbukira kuti linali liti, ndalephera. Masiku ano ndikaika filimu amakhala pampando womwewo, koma maso ali pa ntchito ya m'manja.

Che Yusufu ali ku Joni ndipo Chingerezi chake n'chogulira buledi. Ine ndili pampando umodzi ndi mkazi wanga, satifiketi ili pakhoma. Wapita kutali ndani pamenepa?

Loweruka masana ndinaika filimu. Iwo anabwera ndi lichero la mpunga n'kukhala pamalo pawo. Ndinadikira kuti afunse. Theka la ola linatha, akungosankha mpunga.

Ndinakonza kukhosi. Mzungu wa pagalasi ankakalipira wapolisi.

"Apa akuti..." ndinayamba, ndipo mawu anandithawa. Munthu amene ndimalemba danga lino sabata iliyonse, ndinachita thukuta ngati mwana wa sukulu pamayeso. "Apa akuti, tiyi wa m'mawa uja anali bwino. Akuti zaka zonsezi amakhala bwino, kungoti sananenepo."

Manja anaima m'lichero. Anandiyang'ana, anayang'ana TV, n'kundiyang'ananso.

"Bambo a Tadala, mzunguyo tiyi wanga wamwa liti?"

Sanaseke. Anaika lichero pansi, anasendera pafupi, n'kundigwira pamkono, pomwe paja.

"Nanga apa akuti chiyani?"

Funso limenelo ndinali nditaiwala kamvekedwe kake. Kwanuko likumvekabe?