Basi yakale ya ku myuziyamu

Tinanyamuka kwathu kwa Mavwere m'mamawa, ine pa kabaza wanga, bambo anga pa wawo, atavala jekete la kutchalitchi. Iwo ankadziwa kuti tikukaona zinthu zakale ku myuziyamu ku Blantyre. Ine ndinali ndi changa mumtima.

Bambo kwawo ndi ku Thyolo. Anabwera ku Mchinji ali mnyamata kudzagwira utenanti wa fodya, atalonjeza kuti abwerera ndi malata. Malatawo sanapezeke, manyazi anawagwira, ndipo sanapondekonso. Tsopano mlongo wawo, azakhali a Esinati, anali kudwala ndipo ankawafunsa. Ndikangoyamba nkhaniyo ankandidula: "Ndikafika ndi chiyani m'manja?" Ndiye ndinati bola ndiwafikitse pafupi, mwina mtima ungasinthe.

Pa Kamwendo tinakwera minibasi ya ku Lilongwe. Kondakitala atatchula mtengo, bambo anamufunsa ngati akutigulitsa ndi galimoto yomwe.

"Madala, ndi mafuta," anayankha mnyamatayo.

Ku Lilongwe tinakwera basi yaikulu. Pa Lizulu ndinagula chipisi ndi chimanga chootcha pawindo. Bambo anadya akudandaula kuti mchere wachepa, koma sanasiye kanthu. Tinaoloka Shire pa Zalewa n'kukafika mu Blantyre. Tinagona kwa mnzanga ku Ndirande.

M'mawa mwake tinalowa m'myuziyamu. Eee, ndinaseka ine. Lichero, mphika, msampha wa mbewa, zinthu zimene agogo ankaponya kuseri kwa nyumba, pano zili m'magalasi ndipo munthu ukulipira kuti uzione.

"Tikanadziwa tikanabwera nazo zathu," anatero bambo.

Koma pa nyale ya koloboyi ndinasiya kuseka. Ndinakumbuka kanyumba kathu ka pa esiteti, mayi akusoka yunifolomu yanga, utsi ukutidetsa mphuno. Ndinawasowa mayi kwambiri.

Mayi wina wotionetsa malo anatitengera panja, komwe kuli sitima ya malasha ndi magalimoto akale. Bambo anadutsa sitimayo osaiyang'ana, n'kukaima pa basi ina yakalekale, yosuluka utoto.

"Ngati iyiyi," anatero. "Ndinabwera pa yangati iyi."

Anaizungulira pang'onopang'ono, n'kuloza windo lakumbuyo.

"Ndinakhala apa, kathumba pamiyendo. Basi itanyamuka, Esinati anayamba kuithamangira. Anali kamtsikana, kopanda nsapato. Kankakuwa kuti achimwene, malatawo ndi a amayi, ine mudzandigulire nsapato."

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Pakamwa panayabwa kuti ndinene zanga zija, koma ndinadzigwira. Ndimawadziwa, ukawakankha amabwerera m'mbuyo.

Anapukuta kumaso ndi chipewa, n'kutembenukira kwa mayi uja.

"Pepani mayi, nsapato za azimayi amagulitsa pati?"

"Ku Limbe, bambo. Minibasi za ku Thyolo mukazipezanso komweko."

Ku Limbe anavutitsa wogulitsa mpaka ndinachita manyazi. Sayizi sankaidziwa. Ankangotambasula zala, kuyeza phazi la mwana amene anamusiya kalekale. Ndinawauza kuti munthuyo anakula, ndipo tinatenga zakuda, za sayizi yanga.

Tinafika kwawo ku Thyolo dzuwa litapendeka, titadutsa minda ya tiyi imene bambo ankaitchula mayina ngati anachoka dzulo. Azakhali tinawapeza pamkeka pakhonde, ataonda, mapazi atatupa. Azakhaliwo anawayang'ana bambo nthawi yaitali. Bambo anagwada, osapereka n'komwe moni, n'kutulutsa nsapato m'jumbo.

Sizinalowe. Anayesa phazi ili, anayesa linalo, ayi ndithu.

Azakhali anazilanda n'kuzifungatira pachifuwa, akuseka, misozi ikutsika.

"Mwachedwa nazo, achimwene."

"Ndachedwa, mlongo wanga."

Ndinkaganiza kuti ku myuziyamu munthu amakaona zinthu zimene zinatha. Ife tinakapezako nkhani ina yosatha, ndipo mwamwayi mwiniwake tinamupeza akadali moyo.