Timahatchi Khumi, Mapepala Asanu ndi Anayi

Zaka makumi atatu Lorna Haskew ankadyetsa timahatchi ta mwamuna wake Wendell pa famu yawo ku Oklahoma, timahatchi tija tolekeza m'chiuno mwa munthu. Ankatidziwa tonse, kaya kolanda anzake chakudya, kaya koopa bingu. Koma za mapepala a kaundula wa timahatchi ta mtunduwu, ayi ndithu. Amenewo anali a Wendell, m'chitini pamwamba pa firiji, ndipo bamboyo anamwalira osafotokoza kanthu, monga mwa khalidwe lake.

Wilo ya Wendell inati timahatchi tonse ta mapepala tipite kwa Orval, mng'ono wa malemu. Lorna sanatsutse, koma mtima unali pa kamodzi, Bisiketi, kakakazi kotuwa kamene anakalera ndi botolo m'khitchini mayi wa kahatchiko atafa. Kupereka kameneka kunali ngati kuika maliro kachiwiri.

Kuti asinthe umwini, a kaundula anafuna chikalata cha imfa, kalata ya kukhoti ndi fomu ya kahatchi kalikonse. Apa ndiye mutu unaima. Pamapepala panalibe maina a m'khola ngati Bisiketi kapena Dolly. Panali maina ataliatali a kuchionetsero, amene Lorna anali asanawaitanepo m'khola. Zithunzi nazo zinali za paukhanda: kamene kanali kakuda bii pachithunzi, lero n'koyera mbee. Anawerenga mapepala, asanu ndi anayi. Anapita kukhola, timahatchi khumi. Anabwereza katatu mpaka anayamba kukayikira magalasi ake.

Loweruka Orval anatulukira ndi lole komanso ndodo yoyezera.

"Alamu, mwasokoneza ndi inu," anatero. "Achimwene sankaphonya pepala."

"Sankaphonya? Munthu woiwala tsiku la ukwati wake uja? Werengani nokha, ine mutu wazungulira."

Orval anayamba kufananitsa mawanga a m'miyendo ndi zithunzi, n'kumakweza kamodzikamodzi m'lole. Lorna anangoima pambali, mtima uli m'mwamba. Mapepala anatha, Bisiketi kakadali pansi. Orval anakanda m'mutu, anakaimika bwino, n'kukayeza ndi ndodo ija kawiri.

"Aaa! Mainchi 34 ndi theka. Kanapitirira muyezo ndi theka la inchi, ndiye a kaundula anakafufuta kalekale. Aka si kahatchi kakang'ono ayi."

"Nanga n'chiyani? Bulu?"

"Kwa iwowo palibe chimene kali. Kuchionetsero sikangalowe, ana ake sangalembedwe. Ine ndikatani nako?"

Lorna anayang'ana ndodo, anayang'ana Bisiketi. Zoti theka la inchi n'kuchotsa nyama pamtundu wake sizinamulowe m'mutu, ndipo mpaka lero sazimvetsa.

"Ndiye mukuti si kanu?"

"Wilo ikuti ta mapepala. Ako n'kanu, alamu, muzikadyetsa nokha."

Lole itatuluka pageti, Lorna anagwira chingwe cha Bisiketi. Anakhala pansi paudzu pomwepo n'kuyamba kulira, osadziwa ngati akuthokoza Wendell kapena akumutukwana.