Mutu wa Torquil Unasowa Woufuna

Nkhondo ya ku Culloden, kwathu ku Scotland, itatha, mwana wa mfumu amene tinkamumenyera nkhondoyo atathawira ku France, amuna a m'chigwa chathu anabwerera mozemba, ena osabwerera n'komwe. Torquil MacPhail yekha ndiye anabwera ndi phokoso, kulengeza kuti asilikali a boma a majekete ofiira akusaka mutu wake. Anakwera phiri n'kukakhala kuphanga.

Amene anali naye kunkhondoko ankanong'ona kuti lupanga lake linabwerako loyera ngati supuni, koma munthu wosakidwa ungamutsutse bwanji? Anzake atakakamizidwa kuvala mathalauza mwa lamulo latsopano, iye ankadzikulungabe m'nsalu ya makolo yamawangamawanga, akupuma ngati bwana. Kuphanga kulibe munda. Mkazi wake Effie ndiye ankakama ng'ombe, kusenza manyowa, kenako n'kukwera phirilo ndi phala ndi tchizi, kukamva za anthu amene mwamuna wake akanapha akanapanda kuterereka.

Balere atachanso kumunda, Effie, amene ankagulitsa mazira kwa asilikali a pamlatho, anakwera phiri ndi mmodzi wa iwo.

"Bambo, tulukani, alendo anu aja afika."

Torquil anatuluka chifuwa patsogolo. Anatchula dzina lake, la bambo ake ndi la agogo ake, n'kutambasula manja kuti amumange. Msilikaliyo anakanda ndevu. Anati dzinalo sanalimvepo, ndipo anthu wamba onse anawakhululukira chaka chatha.

"Wamba ndani? Ine ndine Torquil," anatero mwini mutu.

"Pepani madala, kufuna sitikukufunani. Koma chinsalu chanucho ndiye mlandu. Ndikakupezaninso nacho, mukagona m'ndende."

Msilikaliyo anatola tchizi chotsala n'kutsika akuimba mluzu.

Torquil anachonderera mkazi wake kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Effie anavomera, ndipo anangouza mchemwali wake yekha, amene pakamwa pake sipatsekeka ngakhale m'tchalitchi.

Mawa lake chigwa chonse chinapeza chifukwa chodutsira kumunda kwa a MacPhail. Ngwazi inali itawerama ndi chikwakwa, itavala thalauza la malemu apongozi ake lolekeza m'mawondo. Mpaka lero Torquil amati msilikali uja anachita naye mantha. Effie satsutsa, amangomulozera mzere wotsatira woti amwete.