Anandikana m'Ndege Yopita ku Birmingham

Mwana wa achemwali anga ndinamulera ine. Izi ndizinene poyambirira, chifukwa anthu a masiku ano sachedwa kuiwala. Achemwali atapita ku England kukagwira ntchito pachipatala cha ku Walsgrave, kamtsikanako kanali ndi zaka zitatu, bambo ake atalowera ku Joni osacheukanso. Kwathu mwana ndi wa malume ake. Ndinkamusambitsa, kumupesa, malungo akamugwira n'kumubereka kumsana mpaka kuchipatala, anyamata a kabaza akundikuwiza kuti mwamuna wanji womanga chitenje. Zaka zisanu ndi chimodzi zathunthu.

Nditapeza viza ya ntchito yosamalira okalamba, achemwali anati ine ndi mwana tikwere ndege imodzi. Koma tikiti yake anaigula padera, n'kumulembetsa kuti akuyenda yekha.

"Ndi za mapepala chabe, achimwene," anatero pafoni. "Mukakanidwa kulowa kuno, mwana asabwerere nanu limodzi."

Zinandiwawa, koma ndinavomera.

Pabwalo la ndege anamukoleka kachikwama ka mapepala m'khosi, mtsikana wa yunifolomu n'kumutenga padzanja. M'ndege yoyamba ndinkangoona nsonga za tsitsi lake. Titasintha ndege, ndinaona kuti mpando wa pambali pake ulibe munthu, ndiye ndinasamukirapo. Mwana anandigwira mkono mwamphamvu.

Sipanapite mphindi zisanu. Mayi wina wogwira ntchito m'ndegemo anaima pamutu panga.

"Bambo, apa simungakhale. Lamulo la kampani yathu salola mwamuna kukhala pafupi ndi mwana woyenda yekha."

Ndinafunsa kuti mkazi bwanji. Anati mkazi palibe vuto. Aa! Ndinamuuza kuti ine ndine malume ake, ndinamulera ndi manja angawa. Anayang'ana pepala la m'khosi lija, kenako anagwada n'kumufunsa mwana m'Chingerezi ngati akundidziwa.

Mwana anasiya mkono wanga. Anayang'ana pansi, pa nsapato zimene ndinamugulira ine ku Limbe.

"No. I don't know him."

Chingerezi chosalala bwino, chochita kuloweza. Anthu onse anatembenuka. Mayi wina anakokera kamnyamata kake pafupi ngati wamva kuti galu wachiwewe walowa m'nyumba. Wogwira ntchito uja anandiperekeza kumpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zimbudzi. Pamalo panga anaikapo mayi wina amene sanamulankhulepo mwanayo ngakhale liwu limodzi. Mayiyo anamwa vinyo wake n'kugona, kukamwa kuli yasa. Ndege ikutsika ndinamva mwana akulira makutu, kulira kumene ndikanakuzindikira pakati pa ana chikwi. Ndinakhala phee, lamba ali m'chiuno.

Ku Birmingham mapepala anga anadutsa popanda funso lovuta ngakhale limodzi. Zonse zija zinali zachabe.

Lamlungu loyamba, titaweruka kutchalitchi, m'nyumba ya achemwali ku Foleshill munadzaza alendo odzationa, a ku Malawi ndi a ku Zambia omwe. Achemwali anaiyamba nkhaniyo okha, monyadira.

"Masabata awiri ndikumuphunzitsa pafoni! Ndinati aliyense akakufunsa, iwe uli wekha, sukudziwa munthu. Ndipo sanaphonye. Mwana wanga ndi mutu!"

Anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. Bambo wina anandimenya paphewa. "Ndiye anakuyesani wakuba ana, akulu? Takulandirani ku UK!" Inenso ndinaseka, mano okha.

Achemwali sindikanawakwiyira poyera, ndinkagona pa sofa yawo. Kampani ya ndege ilibe nkhope yoti uitukwane. Kuntchito nako mabanja ena ankakana kuti mwamuna asambitse amayi awo, ine n'kumangoti sakulakwa. Mkwiyo ndi wamantha, abale, umafunafuna wamng'ono. Wanga unamupeza mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti anachita kuuzidwa. Koma ndikamuona ndinkangomva Chingerezi chosalala chija. Ndinasiya kumufunsa za kusukulu. Akabwera ndi chipeso, ndinkati apite kwa amayi ake.

Patatha miyezi inayi, tsiku lina masana, a kusukulu anaimba foni kuti mwana watentha thupi. Achemwali anali pa shifiti, ndiye ndinapita ine. Ndinamupeza atakhala pa benchi ya muofesi, akunjenjemera, milomo itauma. Nthawi imeneyo anali atayamba kale kuyankha aliyense m'Chingerezi. Koma atandiona anadzuka, maso ali mbee ndi chimwemwe.

"Amalume!" anatero, n'kutambasula dzanja.

Mayi wa muofesi anandipatsa buku loti ndisaine, n'kufunsa ngati ndine wachibale. Ndinamwetulira kuti mayiyo asadziwe kanthu. Ndinayang'ana mwana wodwala uja m'maso, n'kunena m'Chichewa, pang'onopang'ono kuti liwu lililonse limulowe:

"Iwe ndiwe ndani? Ine sindikukudziwa."

Kenako ndinatembenuka n'kuuza mayi uja kuti inde, ndine malume ake, ndipo ndinasaina. Ndisaname, kwa kamphindi mtima wanga unazizira bwino. Ndinamva kukoma.

Dzanja lija linatsika lokha. Sanalire. Tinayenda mpaka pa siteji ya basi, iye patsogolo, ine pambuyo nditanyamula chikwama chake. M'basi ndinakhala pawindo n'kumusiyira malo pambali panga. Anawayang'ana malowo, anadutsa, nakakhala pafupi ndi gogo wina wosamudziwa. Gogoyo ataona kuti mwana akunjenjemera anavula sikafu yake n'kumufunditsa. Ine ndinangoyang'ana mashopu a mu Foleshill Road akudutsa.

Amayi ake sanawauze, mpaka lero. Ndinapepesa kwa mwanayo patapita sabata, ndinapepesanso chaka chinacho. Anangoti, "It's fine."

Tsopano ali ndi zaka khumi ndi zitatu, wandipitirira paphewa. Ndikapita kukawaona amandipatsa moni mwaulemu, m'Chingerezi, ataima pakhomo. Ndikakhala pa sofa, iye amakatenga mpando kukhitchini.