Pamene panali mtengo wa mango

Kutsogolo kwa maofesi ena pa boma la Mchinji kunali mtengo wa mango. Atate ndi anzawo a kabaza ankaimika njinga zawo pamenepo. Anthu a m'maofesiwo akatuluka sankafunafuna, ankangokodola. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkadzera pomwepo, ndipo kukakhala kopanda wokwera atate ankanditenga mpaka kunyumba.

Ndili Fomu 1 mtengowo unadulidwa. Mwini nyumba ya maofesiyo ankafuna kuikapo makina otchajira galimoto zamagetsi, akuti posamalira chilengedwe. Anathira simenti, kupaka penti wobiriwira, n'kuimika tizipilala tiwiri ta nthambo zakuda. Amene anatumidwa kukachotsa a kabaza anali mlonda wa pamalopo, mnzawo wa atate womwera naye thobwa.

"Achimwene, musandide ine. Akuti njinga zikunyasitsa malo."

"Njinga yangayi munaionapo ikutulutsa utsi?" anafunsa atate.

"Kafunseni m'katimo," anatero mlonda, akuloza mawindo ndi mlomo.

Atate anasamukira kutsidya kwa msewu, m'mbali mwa ngalande, padzuwa. Anthu ankachita ulesi kuwoloka, ankangokwera njinga zamoto zodutsa. Khosi la atate linayamba kusupuka. Amayi ankawapaka mafuta.

Tsiku lotsegulira makinawo kwaya ya kusukulu kwathu inaitanidwa. Aphunzitsi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe mawu ako samveka, ugwire mbande." Ndinaima kutsogolo nditanyamula kamtengo m'chubu. Ndinkafuna kukana, koma ndinangokagwira.

Galimoto yamagetsi inabwera kuchokera ku Lilongwe itanyamulidwa pa lole. Anaitsitsa, bwana wina anailumikiza nthambo, anthu anajambula. Anzanga anaimba nyimbo yakuti mitengo ndi moyo. Ine ndinagwada n'kubzala kamtengo kaja m'mphepete mwa simenti. Nditadzutsa mutu ndinaona atate kutsidya, njinga ataitsamiritsa m'chiuno, akundiombera m'manja. Chimenechi ndicho chimandiwawa kuposa zonse. Dzuwa lisanapendeke galimoto ija inakwezedwanso pa lole.

Pobwerera kunyumba ndinakhala pakaliyala pa njinga ya atate.

"Wabzala bwino, mwanangu," anatero atate. "Kakadzakula, adzukulu anga adzaimikapo njinga." Anaseka okha. Ine ndinangogwira malaya awo onyowa ndi thukuta.

Mvula isanagwe atate anasiya za kabaza. Tsopano ali ku Mkanda, amanyamula matumba a mtedza a anthu, ndipo amabwera Loweruka lokha, nthawi zina osabwera. Ine ndimayenda wapansi, njira yake yomwe ija. Kamtengo kanga mbuzi zinadya. Tizipilala tija anatikuta ndi pulasitiki kuopa fumbi, ndipo sindinaonepo galimoto itaimapo. Mlonda uja amasunthasuntha mpando wake kutsata kamthunzi ka khoma. Akandipatsa moni ndimayankha mwaulemu monga anandiphunzitsira atate, koma sindimuyang'ana kumaso.