Tsiku Limene a Laston Anamwalira pa Foni

Ndinawaona koyamba a Laston Mukhweya pa Chiringa, ali pa njinga yopanda mabuleki, akuimika ndi chidendene, fumbi lili koboo. Ndiwo ankatumidwa kukanena maliro m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi, ndipo sankanyamuka asanamve kuchokera pakamwa pa mwini mbumba.

Mafoni atabwera ntchitoyo inawathera, koma anadzipezera ina. Ana a sukulu akamawerengerana mauthenga pamjigo, iwo ankangotulukira pakati pawo.

"Walemba ndani? Analipo iyeyo?"

Anawo ankaseka mpaka kugwetsa zigubu, koma mafunsowo anawalowa.

A Laston atakalamba, m'mawa wina uthenga unazungulira pa mafoni woti atisiya. Mdzukulu wawo Happiness, amene ankaphunzira ku Mkhumba, anzake anamuumiriza kuti adziwitse msanga mayi ake ku Joni, mayi odwaladwala mtima. Chala chinali kale pa foni, misozi ili mbwembwembwe. Koma anayamba wafunsa amene anamutumizira. Uyo anati wangolandira, winayo chimodzimodzi, ndipo dzina la wachibale panalibe. Mtsikanayo anabwereka njinga n'kupalasa ngati wamisala.

Anawapeza pakhonde akudya kalongonda.

"Agogo, akuti mwamwalira!"

"Ine? Liti? Bwanji osandiuza?" Anaseka mpaka kutsamwa, kenako anafunsa chapansipansi, "Amako wawauza?"

"Ayi, ndimafuna ndione kaye ndekha."

Nkhalambayo inapuma mozama, n'kumusunthira mbale.

"Samba m'manja, mwana wanga. Tidye msangamsanga, olira asanafike n'kutimalizira."