Perekani-perekani wa impso

Ntchito yanga yoyamba ku Mangalande ndinaipeza pakhomo la tchalitchi, ketulo ya tiyi ili m'manja. Ndinali kumapeto kwa maphunziro anga ku Leicester, ndipo m'thumba munali mutauma kalekale. Anti Nachisale, nesi wamkulu amene ankatilera tonse ana asukulu ngati ake, anandikoka pamkono.

“Iwe Tamanda, pakamwa pako sipatseka. Pali kabungwe kena ku Belgrave kakufuna munthu wolongolola. Ukaapulaye mawa, ndipo usakandichititse manyazi.”

Kabungweko kanali m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya ndolo ndi zibangili. Ntchito yake inali kulimbikitsa anthu akuda ndi amwenye kulembetsa kuti akadzamwalira, impso, chiwindi kapena mtima wawo zidzathandize odwala. Nthawi imeneyo lamulo linali lisanasinthe, munthu ankayenera kulembetsa yekha. Bwana wanga anali Hansa, mayi wachimwenye wamfupi, wosaseka wamba. Anandifotokozera kuti impso imagwirizana msanga ndi munthu wa mtundu wofanana ndi mwini wake, ndipo poti ife akuda timalembetsa ochepa, odwala athu amadikira nthawi yaitali.

Zida zanga zinali tebulo lopinda, nsalu yoyala patebulopo, chikwangwani chokokera m'mwamba, timapepala, thabuleti yolembetserapo, ndi impso ya pulasitiki yotseguka pakati. Ndinkakwera nazo basi, anthu n'kumandiyang'ana ngati ndikusamuka. Hansa anandiphunzitsa kuti munthu akagwira thabuleti, iwe bwerera m'mbuyo, uyang'ane kumbali, asankhe yekha. Akamaliza umufunse ngati akunyumba akudziwa, chifukwa tsiku la imfa madokotala amakhala pansi ndi banja. Ndiye panali mawu amene ankawabwereza mpaka kunditopetsa.

“Zimene munthu wakuuza patebulo, zimathera patebulo.”

Ndinkagwedeza mutu ngati ndamva. Ndinkaona ngati luso lonse la ntchitoyi lili pakamwa, ndipo pakamwa ndinali napo.

Anthu a mitundu ina ankaima, kufunsa, ena n'kulembetsa. Ovuta anali anthu akwathu. Zinali zaka zija kumudzi kutavuta nkhani za anamapopa ndi za anthu osaka ziwalo, ndiye Mmalawi akangoona impso yanga ya pulasitiki ankakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. Ngakhale Anti Nachisale, amene anandipezera ntchitoyo, anandikanira m'maso muli gwa.

“Ine ndikafa mudzanditumiza kumudzi. Akakatsegula bokosi n'kuona posoka, adzayankhe ndani? Adzati munandigulitsa kwa azungu.”

Loweruka lina ndinayala tebulo pakhomo la golosale ku Spinney Hill. Kunabwera a Nkhoma, mkulu wa mpingo wathu, bambo amene kwathu anali mphunzitsi wamkulu koma kuno ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Sankachoka pakhomo opanda suti ndi nsapato zopolisha. Anatola impso ya pulasitiki ija, n'kuitsegula, n'kuitseka. Kenaka anayang'ana uku ndi uku, n'kupinda mkono wa malaya. Pamkonopo panali mtsempha wotupa, umene madokotala amakonza kuti azilumikizapo makina osefa magazi.

“Ndili pa dayalisisi, mwanawe. Zanga zonse ziwiri zinaleka. Ndili pa lisiti, ndikudikira.”

Ndinafunsa ngati akunyumba akudziwa, monga ndinaphunzitsidwira.

“Mayi akunyumba akudziwa. Tadala sakudziwa. Ali ku yunivesite ku Nottingham, ndinangomuuza kuti ndasintha mashifiti. Ndimamudziwa mwana wanga. Akamva lero, mawa ali kuchipatala kukapereka yake. Ndi yekhayo amene ndili naye, sindingamung'ambitse chifukwa cha ine. Akamaliza digiri ndidzamuuza ndekha, bwinobwino. Izi zithere pano.”

“Zathera pano, bambo,” ndinatero.

Mu Julaye Amalawi a kuno timachita chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu. Timabwereka holo, amayi amaphika, ena amachokera ku Nottingham ndi ku Derby. Ndinapempha kuti ndikayale tebulo langa kumeneko. Kontirakiti yanga inali pafupi kutha, ndipo ndinkafunitsitsa kuonetsa Hansa kuti anthu akwathu ndimawatha. Anandilola kupita ndekha, msonkhano wanga woyamba waukulu wopanda iye.

Anandipatsa mpata wolankhula anthu akudya. Ndinalankhula bwino ndithu, anaomba m'manja, koma patebulo panga sipanafike munthu. Opita kukatenga zakumwa ankalizungulira patali ngati pali galu wolusa. Ndinaima pamenepo ndi chikwangwani changa, kumwetulira mpaka masaya kuwawa.

Woyendetsa mwambo anali Ankolo Gama, amene ukwati uliwonse wa Amalawi m'dera lino sunkayenda popanda iwo. Anabwera akupukuta thukuta.

“Mwana iwe, ukuitana Amalawi ngati ukuitana azungu. Anthu akwathu safuna timapepala, amafuna nyimbo. Ndisiyire ine.”

Anauza woimbitsa nyimbo kuti aike ya paukwati, n'kugwira maikolofoni.

“Perekani-perekani wayamba! Lero sitikufuna mapaundi, tikufuna mayina. Manesi nonse, imirirani! A ku Ntcheu muli kuti? Musalole a ku Mzimba akuposeni!”

Munthu akaitanidwa choncho sangakhale pansi, anzake onse akuyang'ana. Anayamba kubwera akuvina, mzere mpaka pakhomo. Zobwerera m'mbuyo ndinaiwala. Thabuleti ndinkaigwira ndine, kuwalozera podina, ndipo palibe amene ndinamufunsa za akunyumba. Mtima wanga unkavina kuposa iwo.

Nyimbo itatha mzere unayamba kuzilala. Ankolo Gama anandiweramira.

“Ndipatse kena kotenthetsa. Nkhani ya munthu weniweni ulibe?”

Sindinatchule dzina. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. Ndinangowanong'oneza kuti ngakhale muholo momwemo muli munthu wathu amene akudikira impso.

Iwo sanachedwe. “Abale anga! Ndauzidwa kuti muno, pakati pathu pano, muli m'bale wathu amene impso zake zinaleka. Akudikira inu ndi ine!”

Muholo monse maso anayamba kuyenda. Ife Amalawi a kuno ndife ochepa, timadziwana mpaka kukula kwa malaya. Aliyense ankafufuza amene waonda. Ndiye mayi wina anayankhula, akuganiza kuti akunong'ona.

“Kodi si a Nkhoma? Ndimaona kuti suti ikuwakulira masiku ano.”

Mayi Nkhoma anaphimba nkhope ndi chitenje n'kuyamba kulira. Panalibenso chofunsa.

Ankolo Gama si munthu woipa. Anachita zimene amadziwa. Anakoka mpando n'kuuika kutsogolo, pamene pamakhala mkwati, n'kukawagwira dzanja a Nkhoma. Bambowo sanakane, chifukwa munthu wa ulemu wake salimbana pagulu. Anakhala pampandopo, msana uli chilili, manja pamaondo. Nyimbo inayambanso. Anthu anadzuka, ena akulira, n'kuyamba kuwaponyera ndalama, chifukwa ndi mmene ife timathandizira munthu. Mapepala ankagwera pamapewa awo, pamiyendo, pansapato zopolisha zija. Iwo ankangoyang'ana khoma.

Ine ndinali nditaiwala kuti mu Julaye sukulu zimakhala zitatseka. Tadala anali muholomo, akuthandiza kugawa chakudya. Anadutsa pakati pa ovina, chipande chikadali m'manja, n'kuima pamaso pa bambo ake. Anawafunsa m'Chingerezi ngati zinali zoona, ndiponso kuti zinayamba liti. Iwo anayankha m'Chichewa.

“Tiye kunyumba, mwanangu.”

Anadzuka, kusasa jekete, n'kudumpha ndalama zija osatolapo ngakhale imodzi. Njira yotulukira inkadutsa patebulo langa. Sanandiyang'ane. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika, koma ndinangoima pomwepo, thabuleti ili m'manja, munthu wina akundifunsa podina.

Lolemba ndinamufotokozera Hansa zonse. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anayang'ana mayina amene ndinabweretsa monga munthu amayang'anira mkaka wosasa.

“Munthu amene walembetsa chifukwa anzake akuyang'ana, banja lake lidzakana tsiku lofunikalo,” anatero. “Ndipo bambo uja anakuuza nkhaniyo ali kuti?”

“Patebulo,” ndinayankha.

Hansa anandituma kuti Lamlungu lotsatira ndikaime kutchalitchi, ndikauze anthu mmene angachotsere mayina awo ngati analembetsa chifukwa cha nyimbo. Ndinakaima, anthu omwe aja akundiyang'ana. Mpando wa a Nkhoma unali wopanda munthu. Anti Nachisale, amene anandichenjeza kuti ndisawachititse manyazi, anawerama mpaka ndinamaliza. Ntchito sanandichotse, koma kwa miyezi ingapo ndinabwerera konyamula tebulo kumbuyo kwa Hansa, iye akulankhula ine ndili duu.

Ndinapita kwa a Nkhoma kukapepesa. Mayi Nkhoma ananditsegulira chitseko pang'ono n'kunena kuti bambo akupuma. Ndinapitanso, akupumabe. Ndinamva kwa ena kuti Tadala anachita ndendende zimene bambo ake ananena: anapita kukayezetsa osapempha chilolezo cha munthu, ndipo m'nyumbamo munali mkangano wa miyezi. Sukulu anaiimika kaye. Banjalo linasamukira kumpingo wina.

Panapita chaka ndi miyezi. Ndinali nditayala tebulo pafupi ndi msika wa m'tauni, ndekha tsopano, pamene ndinaona nsapato zopolisha zitaima patsogolo panga. Suti inali itawakwana. Nkhope inali itadzaza.

“Muli bwanji, bambo?”

“Ndili bwino, mwanawe. Ndili bwino kwambiri.” Anaika dzanja m'munsi mwa mimba. “Ya Tadala ili apa. Nayenso wachira, wabwerera kusukulu.”

Mtima unatsika. Ndinayamba kumwetulira, ndipo m'mutu mwanga munabwera ganizo lochititsa manyazi lakuti mwina ndinathandiza, mwina abwera kudzathokoza. Ndikukhulupirira analiona pankhope panga, chifukwa anapukusa mutu.

“Usasangalale. Mwina ndikanafa ndikudikira, mwina ndikanamuuza n'kuvomera, sindikudziwa. Koma ndinali nditakonza mawu oti ndidzamuuze mwana wanga, ife awiri, chitseko chotseka. Iye anamva kwa Gama, pa maikolofoni, bambo ake akuponyeredwa ndalama ngati wopemphetsa. Mpaka lero amandifunsa kuti bwanji mtsikana wa patebulo anadziwa iye asanadziwe. Ndilibe yankho.”

“Pepani, bambo. Ndinalakwa.”

“Ndamva.” Anatola impso ya pulasitiki, n'kuitsegula, n'kuitseka, monga tsiku loyamba lija. “Tsiku lonse umauza anthu kuti apereke zawo. Iwe unapereka zanga.”

Anaibwezera pamalo pake bwinobwino n'kupita kukakwera basi.

Ntchitoyi ndinaigwira zaka zina ndithu, ndipo pakamwa panga panaphunzira kutseka. Anthu ambiri anaweramira patebulo lija n'kutsitsa mawu, ena akwathu, ena a mitundu ina. Nkhani zawo sindinauzepo munthu, ngakhale Hansa. Iyi yokha ndi imene ndalemba, nditasintha mayina, ndipo ndisanalembe ndinakagogoda kaye pakhomo paja pa a Nkhoma. Ulendo uno anatsegula okha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunena kuti ayambe afunsa Tadala.